Nyambo Ikutha, Nsomba Osaoneka: Kuthetsa Mavuto a Kuwedza pa Jeti ndi Pamathiriro a Mitsinje ku Durban

Dandaulo lake ndi limodzimodzi paliponse pamene anthu akwathu okhala ku Durban akumana. Munthu anakulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, mbedza anaidziwa asanayambe sukulu, koma akapita ku Blue Lagoon, pamathiriro a mtsinje wa uMngeni, kapena pa jeti ina m'mphepete mwa nyanja yamchere amabwerako chimanjamanja. Nyambo yatha, mtovu watsala m'miyala, dzuwa lamuwamba tsiku lonse, pomwe mnzake amene anaima chapafupi pomwepo wanyamula nsomba zitatu. Ambiri zikatere amathamangira kusitolo kukagula ndodo yodula ndi reel (chokulungira chingwe) yonyezimira. Ndalamazo sungani kaye. Kawirikawiri cholakwika si zida, ndi madzi: munafika nsomba zisanalowe, kapena munaponya pamalo pamene madzi a ola limenelo sadutsitsa chakudya.

"Ndakhala kuyambira m'mawa, palibe yagunda"

Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika kamodzi pa chaka, kutsatira mvula. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mtsinje umene umathira m'nyanjamo, monga uMngeni, chakumathiriro kwake umatsatira zomwezo. Madzi akamadzaza amalowa mumtsinje kupita kumtunda, akamaphwa amabwerera. Nsomba zimayenda ndi madziwo. Malo amene munagwirapo nsomba dzulo madzulo akhoza kukhala matope okhaokha lero m'mawa.

Kuchokera pamene madzi adzaza kufikira adzadzazenso pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Choncho tsiku lililonse nthawiyo imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Apa ndi pamene anthu ogwira ntchito sabata yonse amapusitsikira. Tinene kuti Lamlungu lino madzi anadzaza 6 koloko m'mawa ndipo munagwira bwino. Lamlungu likubwerali, masiku asanu ndi awiri atadutsa, nthawi ija yasuntha ndi maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Mukafika 6 koloko yomweyo mupeza madzi ataphweratu. Malo omwewo, nyambo yomweyo, munthu yemweyo, koma mtsinje wina. Munthu amayamba kuganiza kuti wachita tsoka, pomwe ndi masamu chabe.

Chochita chake n'chosavuta ndipo sichilira ndalama. Ofesi ya asilikali apamadzi a South Africa yoona za mapu a nyanja imatulutsa ndandanda ya nthawi ya madzi ya chaka chonse, ndipo imapezeka pa intaneti komanso m'masitolo ogulitsa zowedzera. Onani ya Durban, osati ya Cape Town. Pamene palembedwa high tide ndi pamene madzi adzaza, low tide ndi pamene aphwa. Sankhani nthawi yopita mutaona ndandandayo, osati mutaona wotchi yokha. Ngati mumtsinje muli kutali ndi mathiriro, dziwani kuti madzi amafika kumeneko mochedwerapo kusiyana ndi nthawi yolembedwayo.

Nanga ola labwino ndi liti? Madzi sayenda liwiro limodzi m'maola asanu ndi limodzi amene akudzaza. Ola loyamba amayenda pang'onopang'ono, lachiwiri amawonjezera, lachitatu ndi lachinayi amathamanga kwambiri moti theka la madzi onse limalowa m'maola awiri amenewa, kenaka amazizira mpaka kuima. Akaima, nsomba zambiri zimaleka kudya kwa kanthawi, chifukwa palibe chikubweretsa chakudya pakamwa pawo. Akathamangitsa, nyambo yanu imakokoloka. Ine ndimakonda maola awiri omaliza madzi asanadzaze ndi ola loyamba akayamba kubwerera, makamaka nthawiyo ikakumana ndi mbandakucha kapena chisisira. Munthu amene ali ndi maola atatu okha opuma awaike pamenepo, kusiyana n'kukhala tsiku lonse padzuwa.

Za mwezi simukuyamba lero kuzimva. Asodzi a usipa kwathu amawerenga mwezi chifukwa nyali zimakoka nsomba usiku wamdima. Kunyanja yamchere mwezi umalamulira kukula kwa madzi. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mumdima, madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Ku Durban kusiyana kwake kumayandikira mamita awiri. Mwezi ukakhala theka, kusiyanako kumatsika kufika pafupifupi theka la mita ndipo madzi amayenda mwaulesi. Amene anawedzako ku Beira asadabwe kuti kuno madzi sathawa mtunda wautali: kumeneko kusiyanako kumapitirira mamita 6. Chinanso chothandiza n'chakuti m'mphepete mwa nyanja ya South Africa, masiku a madzi aakuluwa nthawi yake sisinthasintha. Amaphwa cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kudzaza cha m'ma 4 koloko madzulo. Tsiku lotere limadzikonza lokha: m'mawa mukafune nyambo ndi kuona pansi pa mtsinje, masana mupume, madzulo muponye mbedza.

Kuona pansi pa mtsinjeko musakupeputse. Pitani tsiku lina madzi ataphweratu, ndodo muisiye kunyumba. Muona pamene pali ngalande yakuya, pamene mchenga wakwera, pamene pali miyala yobisika, ndi pamene matope ali ndi timayenje tambirimbiri ta prawn, kachilombo ka m'madzi ka m'gulu la nkhanu. Jambulani ndi foni. Madzi akabwerera zonsezo zimabisika, koma inu mudzakhala mukudziwa kuti nsomba zidzadutsa m'ngalande muja popita kukadya pamatope paja. Anthu ambiri amaponya kutali ndi mphamvu zawo zonse, n'kudumpha nsomba zimene zikudya mamita ochepa kuchokera pamapazi awo. Pa jeti n'chimodzimodzi: tinsomba timabisala m'mizati, ndipo zazikulu zimabwera kudzatisaka komweko, kumbali imene madzi akuzungulira akadutsa mzati.

Pali masiku ena amene ndandanda ili bwino koma madzi eni ake aipa. Mvula ya ku Durban imagwa kwambiri m'chilimwe chakumeneko, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo ikagwa yambiri uMngeni umatsika wofiira, utanyamula zinyalala, mapulasitiki ndi namasupuni. Madzi opanda mchere ndi opepuka, amayandama pamwamba, amchere n'kulowa chapansi. Nsomba za m'nyanja zimatsikira pansi pa ngalande kapena kutulukira kumathiriro. Tsiku lotere musapite kumtunda kwa mtsinje. Imani pafupi ndi nyanja, pamene madzi ofiira akukumana ndi oyera, ndipo nyambo ikhale yafungo lamphamvu. Mitsinje ing'onoing'ono yambiri ya ku KwaZulu-Natal imatsekedwa ndi mchenga pakamwa pake miyezi ina, ndipo ikatero ndandanda ya madzi ilibe ntchito m'kati mwake. Musatenge fosholo kukaitsegula, n'kulakwira lamulo. Za mphepo, asodzi akumeneko amati ya kumpoto chakum'mawa ikaomba masiku angapo madzi amazizira ndi kuda, ndipo ya kum'mwera chakumadzulo ndi imene imawayeretsa. Muziyang'ane nokha pamalo panu, muzilemba m'kabuku pamodzi ndi nthawi ya madzi ndi nsomba imene mwagwira.

"Zikugunda, koma ndikakoka mbedza ili mbee"

Apa nkhani yasintha: nsomba zilipo. Funso ndi lakuti ndani akudya nyambo yanu. Kugunda kwa pafupipafupi, kofulumira ngati kunjenjemera, ndi tinsomba tating'ono tosatha kumeza mbedza. Chingwe chikamakokedwa pang'onopang'ono popanda kugunda, ndipo nyambo ikubwera itang'ambidwang'ambidwa, ndi nkhanu. Nyambo ikazimirira pamodzi ndi mbedza, chingwe chitadulidwa bwinobwino, kawirikawiri ndi toby, kansomba kotupa mimba kamene ena amati blaasop. Mano ake amadula nayiloni mosavuta. Kameneka mukakagwira kabwezereni m'madzi. Kali ndi poizoni wakupha amene satha ndi kuphika, kukazinga kapena kuyanika, ndipo musakasiye pa jeti pamene mwana kapena galu angakatole.

Nyambo yofala kwambiri ndi sardine wa mufiriji, koma ndi imenenso imagwa msanga. Akasungunuka amafewa, akaikidwanso mufiriji kachiwiri amasanduka phala. Musatulutse bokosi lonse padzuwa; tengani mmodzimmodzi kuchokera m'chozizira. Dulani mnofu wa mbali imodzi, muuvundikire pa mbedza mnofuwo uli kunja kuti mafuta ndi fungo zizituluka, kenaka muumange ndi ulusi wotanuka uja asodzi amati cotton. Ulusiwu ndi wotchipa koma ndi umene umasiyanitsa nyambo yokhala mphindi imodzi ndi yokhala mphindi khumi. Nsonga ya mbedza ikhale kunja. Ambiri amaibisa poopa kuti nsomba iiona, kenaka pokoka mbedza imalephera kuboola nyambo yake yomwe. Tinsomba tikachulukitsa, sinthani n'kuika chokka, kanyama ka m'nyanja kopanda mafupa kamene pa Chingerezi amati squid, amene mnofu wake ndi wolimba. Mumenye pang'ono kuti afewe, mudule kachidutswa kotalika.

Koma m'kati mwa mtsinje nsomba imene ambiri amaifuna ndi spotted grunter, ndipo grunter chakudya chake chenicheni ndi prawn wa m'matope ndi wa mumchenga, amene ku Durban amamutcha cracker. Nsombayi imaima chamutu n'kupopera madzi m'dzenje kuti prawn atuluke, ndipo pamadzi osaya mumatha kuona mchira wake ukugwedezeka pamwamba. Mukaona zimenezo musaponye pamutu pake. Ponyani chakumtunda kwa kumene madzi akuchokera, nyambo ifike yokha. Prawn akhale wamoyo, mbedza ilowe kumchira n'kutulukira chapachifuwa, ndipo ikhale yopyapyala, ya kukula kwa 1/0 kapena kucheperapo. Mbedza zija timakolera kampango pano zilibe ntchito.

Grunter ndi nsomba yochenjera pakamwa. Ikatola nyambo n'kumva kulemera, imalavula nthawi yomweyo. Ichi ndi chifukwa chake mtovu womangidwa nganganga pachingwe umakutayitsani nsomba zimene simunadziwe n'komwe kuti zinabwera. Gwiritsani kamtovu kozungulira kokhala ndi bowo pakati, kamene chingwe chimadutsamo momasuka. Pansi pake mangani swivel, kachitsulo kotembenuka kolumikizira zingwe ziwiri, kenaka chingwe chopyapyala chotalika pafupifupi mita imodzi, kenaka mbedza. Nsomba ikatola, chingwe chimatsetsereka m'kati mwa mtovu ndipo simva kanthu. Mtovuwo ukhale wopepuka ndithu, wongokwanira kufikitsa nyambo pansi. Pamadzi osaya oyenda pang'ono mukhoza kuuchotseratu. Ikagunda koyamba musakoke. Tsitsani nsonga ya ndodo, isiyeni iyende, chingwe chikakungika ndiye kwezani ndodo mosadzidzimutsa. Ngati mukugwiritsa mbedza zopindikira m'kati zija amati circle hook, kukoka mwadzidzidzi kumangoitulutsa m'kamwa. Ingokulungani chingwe, imakola yokha pakona ya mlomo.

Mbedza yobuntha nayonso imanamiza anthu. Mchere umadya nsonga m'masiku ochepa. Ikandeni pachikhadabo: ikatsetsereka osakanda, itayeni m'chikwama cha zinyalala.

Chingwe chikaduka, yang'anani pamene chadukira

Musafulumire kumanganso. Nsonga yotsalayo imanena chimene chachitika. Ikakhala yopotanapotana, mfundo yanu ndi imene inamasuka, ndipo mankhwala ake ndi kuinyowetsa ndi malovu musanaikoke komanso kuikoka pang'onopang'ono mpaka ikhale. Ikakhala yokhakhala, yokalikakalika, chingwe chinakhuta mwala kapena zigoba zomera pamizati ya jeti, zimene ndi zakuthwa kwambiri. Pamenepo onjezani kunenepa kwa mamita awiri kapena atatu omalizira, ndipo muzipapasa chingwecho ndi zala nthawi iliyonse mwakoka. Ikakhala yodulidwa mosalala, ndi mano. M'miyezi yozizira, makamaka cha mu Juni ndi Julayi pamene sardine amakwera kuchokera kum'mwera, shad, nsomba ya mano akuthwa, amadzaza m'mphepete mwa Durban, ndipo shad sagwidwa ndi nayiloni yokha. Ikani kawaya kakafupi pakati pa mbedza ndi chingwe. Pochotsa mbedza m'kamwa mwake gwiritsani pulayala, zala ayi.

Nthawi zina chingwe chimaduka chifukwa reel yamangidwa kwambiri. Pa reel pali chomangira chimene chimalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Musanaponye, kokani chingwe ndi dzanja: chizituluka movutirapo koma osakakamira. Nsomba ya m'nyanja yamchere imathamanga kwambiri pa kuthawa kwake koyamba, ndipo kulimbana nayo pamenepo ndi kuitaya.

Mtovu ukutsala pansi, kapena sukukhazikika

Awa ndi mavuto awiri otsutsana ndipo mankhwala a lina amakulitsa linzake. Pamchenga, madzi akamathamanga, mtovu wozungulira umagubuduzika mpaka chingwe chanu chikakolane ndi za anzanu, ndipo pa jeti yodzaza anthu zimenezi zimayambitsa mikangano. Pamenepo mufunika wosongoka, kapena wa timawaya timene timakumba mumchenga n'kumasuka mukakoka. Ponyaninso chakumtunda kwa madzi, osati molunjika kutsogolo, kuti mtovu ukhazikike chingwe chisanakokedwe. Chingwe chonenepa chimakankhidwa kwambiri ndi madzi, choncho nthawi zina kuchepetsa chingwe kumathandiza kuposa kuwonjezera mtovu.

Pamiyala mtovu wa timawaya uja ndi kutaya ndalama. Apa mangani mtovu pa kachingwe kakekake kofooka kuposa chingwe chachikulu, kuti ukakodwa uduke wokha, mbedza ndi nsomba zitsale. Pokoka, kwezani ndodo m'mwamba n'kukulunga mofulumira osaima, kuti mtovu unyamuke m'malo mokwawa pansi. Ukakodwa ndithu, musayambe ndi mphamvu. Masulani chingwe, dikirani mafunde awiri atatu, nthawi zambiri madzi amautulutsa okha. Zikakanika yendani mukakokere mbali ina. Pomaliza penipeni lozetsani ndodo molunjika kumene chakodwa, kulungani chingwe pa kamtengo, bwererani m'mbuyo nkhope mutayang'ana kumbali. Kukoka ndi ndodo yopindika kumathyola ndodo, kukulunga chingwe padzanja kumacheka mpaka fupa, ndipo mtovu ukamasuka mwadzidzidzi umabwera molunjika kumaso. Chingwe chodukacho musachisiye pamiyala. Mbalame zam'madzi zimakodwamo.

Nsomba yafika pansi pa jeti, nanga ikwera bwanji?

Funso ili liyankhidwe musanaponye. Nsomba ili m'madzi imapepuka, ikangotuluka kulemera kwake konse kumagwera pa mfundo ndi pa mlomo wake. Yaing'ono mukhoza kuikweza. Yaikulu ayi. Asodzi a pa jeti amakhala ndi ukonde wozungulira womangidwa kuchingwe, umene amautsitsa pansi mnzawo n'kulowetsamo nsomba. Ngati mulibe, itopetseni kaye ili patali ndi mizati, kenaka yendani nayo pang'onopang'ono kulowera kumtunda mukaitulutsire pamchenga, mukupempha anzanu akweze zingwe zawo. Amakweza, chifukwa mawa adzakhala iwo.

Kutsikira pamiyala ya m'munsi kukaitenga ndi pamene anthu amafera. Miyala yobiriwira kapena yakuda yonyowa imaterera, ndipo mafunde sabwera ofanana: pakadutsa ang'onoang'ono angapo limabwera lalikulu. Musafulatire nyanja. Wina akagwera m'madzi musamulumphire. Muponyereni choyandama, imbani 112 pa foni mupemphe a NSRI, gulu lopulumutsa anthu panyanja, limene linaikanso zoyandama za pinki m'magombe ambiri. Pamatope a m'kati mwa mtsinje ngozi yake ndi ina. Madzi odzaza amayamba kulowa m'ngalande ya kumbuyo kwanu, inu muli pachitunda cha mchenga mukuyang'ana kutsogolo. Kuwoloka pamathiriro madzi akuphwa n'koopsa ngakhale kwa munthu wodziwa kusambira m'nyanja yathu, chifukwa amakokera kunyanja. Komanso shaki uja amatchedwa Zambezi amalowa m'mitsinje yotere, makamaka madzi akada.

Mukagwira nsomba yooneka ngati mlamba, ya ndevu, samalani. Ndi sea barbel, ndipo minga yake ya pamsana ndi ya m'mbali ili ndi ululu. Stingray, nsomba yophwatalala, nayenso ali ndi munga kumchira, ndipo amagona mumchenga pamadzi osaya, n'chifukwa chake poyenda m'madzi ndi bwino kukwekwesa mapazi. Mukalasidwa, viikani balalo m'madzi otentha ndithu koma osawotcha khungu, kwa theka la ola kapena kupitirira, kenaka pitani kuchipatala akaone ngati munga unathyokeramo.

Vuto lobwera ndi yunifolomu

Ili ndi losavuta kupewa kuposa onse, koma ndi limene limawawa kwambiri munthu wokhala m'dziko la eni. Ku South Africa kuwedza m'nyanja ndi m'mathiriro a mitsinje, ngakhale kongosangalala, kumafuna chiphaso malinga ndi lamulo la Marine Living Resources Act la 1998. Chimagulidwa pa intaneti kudzera ku nthambi ya boma yoona za nkhalango, usodzi ndi zachilengedwe. Chikhale m'thumba pamodzi ndi chikalata chokuzindikiritsani. Kukumba nyambo kumafuna chilolezo chakechake, kuponya kaukonde kogwirira nsomba zotchedwa mullet chakenso. Prawn amaloledwa 50 pa munthu pa tsiku. Nsomba yogwidwa ndi chiphaso chimenechi sigulitsidwa, ngakhale kwa mnansi.

Malo nawonso ali ndi eni ake. Kutsidya kwa Blue Lagoon, kumpoto kwa mathiriro a uMngeni, kuli nkhalango yotetezedwa ya mitengo ya mangrove ya Beachwood. Kumeneko si kokumba nyambo. Doko la Durban lili m'manja mwa Transnet, kampani ya boma, ndipo mbali zambiri n'zoletsedwa. Majeti a m'mphepete mwa tauni ena amalola kuwedza, ena ayi, ndipo malamulo ake akhala akusintha pa zaka zapitazi. Werengani chikwangwani chimene chilipo lero, osati zimene munamva kwa munthu amene anawedzapo kale.

Za miyeso, lembani pa chivundikiro cha bokosi lanu ndipo muyende ndi tepi. Nsomba imayezedwa kuchokera kunsonga ya mlomo mpaka kumapeto a mchira. Grunter ayambire masentimita 40, ndipo musapitirire asanu pa tsiku. Shad masentimita 30, anayi pa tsiku, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala sagwidwa konse. Garrick masentimita 70, awiri. Kob wogwidwa muli pamtunda kapena mumtsinje masentimita 60, mmodzi yekha. Malamulo amasintha nthawi zina, choncho yerekezani ndi kabuku kamene kamabwera ndi chiphaso.

Ndikudziwa mmene zimavutira munthu woleredwa ndi matemba ndi usipa kubwezera m'madzi nsomba yotalika ngati mkono wake ati chifukwa ndi yaing'ono. Koma taganizani za kob. Nsombayi imayamba kuswana itafika pafupifupi mita imodzi, ili ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo mbali yaikulu ya ubwana wake imathera m'mitsinje yomweyi. Kob wa masentimita 45 amene wakodwa pa mbedza yanu ndi mwana amene sanaikirepo dzira ndi limodzi lomwe, ndipo mtunduwu unachepa kale kwambiri m'nyanja za dzikolo. Ife tinaona zimene zinachitikira chambo m'nyanja ya Malombe. Sindikufuna kuti tikhale m'gulu la omaliza nsomba za eni.

Yagwidwa, koma kodi ndi yodya?

Chigumula cha mu Epulo 2022 chinaononga mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa ku Durban, ndipo kuchokera nthawi imeneyo magombe akhala akutsekedwa kangapo chifukwa cha kuchuluka kwa tizilombo ta E. coli, makamaka pafupi ndi mathiriro a uMngeni. Mu Julayi 2021 nyumba yosungira mankhwala a ulimi itapsa ku Cornubia, poizoni analowa mumtsinje wa Ohlanga n'kupha nsomba zambiri, ndipo kuwedza kunaletsedwa m'dera limenelo kwa nthawi. Choncho musanapite onani zidziwitso za khonsolo ya eThekwini. Madzi akamanunkha chimbudzi, kapena mukaona nsomba zakufa zikuyandama, longedzani. Masiku oyamba mvula yaikulu itagwa musalowe m'madzi muli ndi bala, ndipo sambani m'manja musanadye kamba wanu.

Nsomba yochokera m'madzi abwino nayo imaonongeka msanga m'chinyezi cha ku Durban, makamaka shad amene mnofu wake ndi wofewa. Ipheni nthawi yomweyo, dulani m'makha magazi atuluke, chotsani matumbo, ikani pa ayezi. Jumbo lapulasitiki padzuwa limaiphika isanafike pamoto. Pophika, ipse mokwanira.

Mukafika kunyumba tsukani ndodo, reel ndi mbedza zimene munagwiritsa ntchito ndi madzi a pampopi oyenda pang'ono, osati opopera mwamphamvu, chifukwa amenewo amakankhira mchere m'kati. Ziumitseni pamthunzi, masulani chomangira cha reel chija, ndipo mbedza zonyowa musazibwezere m'bokosi la zatsopano.

Yobwezera m'madzi igwireni ndi manja onyowa kapena kansalu konyowa, zala zisalowe m'makha, ndipo isagone pakonkire yotentha. Ngati yameza mbedza mpaka m'kati, musakumbe. Dulani chingwe pafupi ndi mlomo. Pa jeti yaitali itsitseni ndi ukonde uja m'malo moiponya, ndipo ngati muli pagombe igwireni m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera mpaka iyambe kukankha yokha.